Mandolini yakale: mmene mungadziwire amene anaipanga ndi kumene inachokera

Mandolini yakale ikafika m'manja mwa munthu, kaya yatuluka m'katundu wa malemu agogo kaya yagulidwa kwa ogulitsa zinthu zakale, manja amayabwa kuchita zinthu ziwiri: kuipukuta kuti iwale ndi kukunga nsambo kuti imveke kulira kwake. Zonse ziwirizi zidikire kaye. Fumbi silinaphepo chida choimbira, koma sandipepala ndi polishi zimafafaniza chidindo kapena nambala imene ikanakuuzani zonse. Nsambo zamakono nazonso zimakoka mwamphamvu kuposa zimene mandolini zambiri zakale zinapangidwira. Mukazikunga pa chida chimene chagona zaka 50, khosi limapindika kapena thabwa lapamwamba limalowa m'kati. Ngati nsambo zakale zikadalipo ndipo ndi zokungika, zimasuleni pang'ono, koma musazichotse.

Chinthu chimodzi chikhale m'mutu kuyambira pano: dzina lolembedwa pa mandolini ndi mboni imodzi chabe, ndipo mboni imeneyi imanama kawirikawiri. Ntchito yanu ndi kufunsa mboni zonse, mtengo, zitsulo, kapangidwe ndi manambala, n'kuona ngati zikuyankhula chimodzimodzi.

Poyamba: jambulani ndi kuyeza

Mufunika tochi yaing'ono, kagalasi kamene kangalowe pabowo, tepi yoyezera, foni yojambulira ndi pepala. Jambulani pamalo owala koma osati padzuwa: kutsogolo konse, kumsana konse, m'mbali, mutu kutsogolo ndi kumbuyo, polumikizana khosi ndi thupi, kachitsulo kogwira nsambo kumunsi, ndi m'kati mwa bowo. Bokosi limene inabweramo lijambuleninso, ndipo musataye kalikonse kamene kali m'menemo. Kapaketi ka nsambo kapena risiti yakale nthawi zina imanena dziko limene chidacho chinakhalako.

Kenako werengani nsambo, kapena zokungira zake ngati nsambo zinaduka. Mandolini imene anthu ambiri amaidziwa ili ndi nsambo 8 zokhala ziwiriziwiri, ndipo imachunidwa ngati vayolini: G, D, A, E. Mukapeza 12 zokhala zitatuzitatu, imeneyo ndi mandriola, yomwe inkapangidwa kwambiri ku Germany. Zikakhala 12 zokhala ziwiriziwiri pa khosi lalifupi lotakata, mwina muli ndi bandurria ya ku Spain. Nsambo 6 zokhala imodziimodzi zikuloza kumpoto kwa Italy, chakudera la Milan.

Yezani kuchokera pa kafupa kamene nsambo zimakwerapo kumutu kufika pa kachitsulo ka 12 ka pakhosi, ndipo muchulukitse kawiri. Musayeze mpaka pa kamlatho, kathabwa kamene nsambo zimakwerapo pa thupi la chida, chifukwa kamlatho ka mandolini sikamatidwa ndipo kamasuntha. Za ku Italy zimakhala pafupifupi masentimita 33, za mtundu wa Gibson, kampani ya ku America, pafupifupi 35. Mukapeza 40 kapena kuposa, chida chanucho ndi mandola, mkulu wake wa mandolini.

Chachiwiri: msana ukuuzani banja lake

Itembenuzeni. Ngati msana uli wozungulira ngati chipanda, wopangidwa ndi timatabwa topyapyala tolumikizidwa ngati nthiti, imeneyo ndi ya mtundu wa ku Naples. Mtunduwu unakhazikika mumzinda umenewo chapakati pa zaka za m'ma 1700, ndipo banja la Vinaccia ndilo limatchulidwa kwambiri pa mbiri yake. Thabwa lapamwamba limakhala lopindidwa dala chakumunsi, pafupi ndi pamene kamlatho kamakhala. Ambiri akaona kupindikako amaganiza kuti chida chinathyoka. Ayi, ndi mmene anachipangira, kuti thabwa lipirire kukoka kwa nsambo zachitsulo.

Apa pali msampha woyamba. Mtundu wa ku Naples sutanthauza kuti inapangidwa ku Naples. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 mpaka nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, mandolini inali m'fashoni ku Ulaya ndi ku America, ndipo za msana wozungulira zinkapangidwa zambirimbiri ku Catania pachilumba cha Sicily, ku Markneukirchen ndi Klingenthal ku Germany, ku Chicago ndi Boston, kenako ku Nagoya ku Japan. Mandolini zakale zambiri zimene anthu amazipeza lero ndi za nthawi imeneyi, osati za m'ma 1700.

Ngati msana ndi thabwa lapamwamba zili zotukuka pang'ono, zosemedwa ngati za vayolini, mwalowa m'banja la ku America. Orville Gibson analandira chilolezo choteteza kapangidwe kake mu 1898, ndipo kampani ya dzina lake inayamba mu 1902 ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan. Pali maonekedwe awiri: ya mtundu wa A, yooneka ngati dontho la madzi, ndi ya mtundu wa F, yokhala ndi kanyanga kopiringizika chakukhosi ndi tinsonga m'mbali. Choncho mandolini yosemedwa motere singakhale ya 1850, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji.

Banja lachitatu ndi la msana wafulati, ndipo ndilo lovuta. Aliyense ankazipanga: ku Germany, Portugal, Brazil, ku Sweden kampani ya Levin ya ku Gothenburg, ku Reghin ku Romania, ku Soviet Union, ndi ku America kumene kampani ya C. F. Martin inayamba kupanga zafulati mu 1914. Pa zimenezi maonekedwe okha sakufikitsani patali.

Zina ziwiri sizivuta kuzizindikira. Ya thupi lozungulira lokutidwa ndi chikopa ngati ng'oma ndi banjo-mandolini, ndipo ya chimbale chachitsulo pakati ndi ya mtundu umene kampani ya National inayamba kupanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Chachitatu: unikani m'kati

Apa ndiye mukhalitse. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Lowetsani kuwala kwa tochi pabowo ndipo muyang'ane malo atatu: pansi moyang'anizana ndi bowo pamene kapepala ka wopanga kamamatidwa, chipika chimene khosi limalowamo, ndi kunsi kwa thabwa lapamwamba, kumene kagalasi kadzagwira ntchito. Amisiri ena ankalemba dzina kapena tsiku ndi pensulo pamalo obisikawa, ndipo okonza zida ankachitanso chimodzimodzi. Dzina la pensulo likhoza kukhala la amene anamata mng'alu mu 1950, osati la wopanga.

Kapepala kakapezeka, kalembeni pa pepala lanu chilembo ndi chilembo, ngakhale mawu amene simukuwamva. Musakanyowetse, musakakande, ndipo musayese kukamatula. Ngati kazilala, kaunikeni cham'mbali, osati molunjika, chifukwa malo amene cholembera chinadinda amaoneka ndi mthunzi.

Timapepala ta ku Italy tili ndi mawu angapo amene amasocheretsa anthu. Napoli ndi Naples, Roma ndi Rome. Fratelli ndi abale, figlio ndi mwana wamwamuna, figli ndi ana. Koma samalani ndi awiri awa: allievo di ndi sistema. Loyambalo likutanthauza wophunzira wa uje, lachiwirilo likutanthauza mwa kapangidwe ka uje. Kapepala konena kuti allievo di Vinaccia sikakunena kuti Vinaccia anagwirapo chidacho, ngakhale kuti dzina la Vinaccia ndilo limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndipo la wopanga weniweni ndi ting'onoting'ono. Ankatero dala, pofuna malonda. Timendulo tojambulidwa pa kapepala natonso tisakututumutseni. Pafupifupi fakitale iliyonse inkajambula.

Mawu onena dziko ndi mboni yabwino kwambiri pa nkhani ya zaka, chifukwa anabwera ndi malamulo ndiponso mayiko ena anasintha mayina. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo la zizindikiro za katundu mu 1887, ndipo m'pamene mawu akuti Made in Germany anafalira. America inatsatira ndi lamulo la 1890, lofuna kuti katundu wolowa m'dzikomo alembedwe dziko lochokera m'Chingerezi. Ndiye kapepala kolembedwa chaka cha 1780 koma pansi pake pali Made in Italy kadziulula kokha. Czechoslovakia inalipo kuyambira 1918 mpaka 1992. West Germany ndi GDR (East Germany) ndi za pakati pa 1949 ndi 1990. Made in Occupied Japan ndi ya zaka zochepa nkhondo yachiwiri itatha, osapitirira 1952. USSR inatha mu 1991.

Onaninso ngati kapepalako kakalamba mofanana ndi mtengo wozungulira. M'kati mwa chida cha zaka 100 mumakhala mwakuda ndi fumbi, ndipo pepala limafiira limodzi ndi mtengo. Pepala loyera mbee pa mtengo wakuda, kapena mthunzi wa kapepala kena kokulirapo kamene kanachotsedwa, ndi chizindikiro chakuti wina anasewerapo.

Kapepala kakasowa musagwe ulesi. Guluu wakale amauma ndipo mapepala amagwa. Kampani ya Martin, ya ku Nazareth m'chigawo cha Pennsylvania, inkadinda dzina lake pamtengo penipeni m'malo modalira pepala. Abale awiri a Larson a ku Chicago, amene zida zawo zimalemekezedwa kwambiri lero, sankalemba dzina lawo pa zimene ankapanga: zinkatuluka ndi mayina monga Maurer, Stahl ndi Dyer.

Chachinayi: dzina la pamutu ndi la ndani

Nkhani ya a Larson ikutifikitsa pa chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Dzina la pamutu kapena pa kapepala nthawi zambiri ndi la wogulitsa. Sitolo ya zoimbira, mphunzitsi wa nyimbo kapena kampani yogulitsa kudzera m'makatalogi inkaitanitsa mandolini kufakitale n'kuikapo dzina lake. Fakitale imodzi inkatha kutulutsa chida chomwecho ndi mayina khumi.

Ku America izi zinali ponseponse. Washburn linali dzina la zida zapamwamba za kampani ya Lyon & Healy ya ku Chicago, ndipo American Conservatory linali la zotsikirapo za kampani yomweyo. Supertone linali dzina la Sears, Roebuck, imene inagula fakitale ya Harmony mu 1916. Stella ndi Sovereign anali mayina a Oscar Schmidt wa ku Jersey City, ndipo pambuyo pake anapita kwa Harmony. Gibson yomwe, m'zaka zovuta za m'ma 1930, inkapanga zotchipa zolembedwa Kalamazoo. Ku Britain nako, mandolini zambiri za ku Italy ndi ku Germany zili ndi kapepala ka sitolo ya ku London imene inaziitanitsa, nthawi zina pamwamba pa ka wopanga.

Ndiye mukapeza dzina limene silikupezeka pa mndandanda uliwonse wa amisiri, funso lisinthe. Musafunsenso kuti uyu anali mmisiri wa kuti, koma kuti ndi fakitale iti inkapanga mutu wa maonekedwe awa, kotchinga thabwa (koteteza thabwa lapamwamba kuti lisakandike poimba) ka maonekedwe awa. Mafakitale ankasintha mayina mosavuta, koma zikombole zawo ankakhala nazo zaka zambiri.

Chachisanu: dzanja la mmisiri

Pa ya msana wozungulira, werengani nthiti. Zotchipa zimakhala ndi zochepa zotakata, mwina 9 mpaka 15. Zapamwamba zimafika 30 kapena kuposa, ndipo pa zabwino zenizeni nthiti iliyonse imakhala yogobedwa ngati kangalande, ntchito yotenga masiku. Mtengo wa nthiti umakhala maple woyera kapena rosewood wakuda, ndipo thabwa lapamwamba ndi spruce. Yang'anani m'mphepete mwa bowo: ngati mizere ya mtengo ikutsika kupyola makulidwe onse a thabwa, ndi thabwa lenileni. Mukaona magawo osanjikizana, ndi pulayiwudi, ndipo mukuyang'ana chida cha m'fakitale cha zaka za pambuyo.

Zokongoletsa ndiye zimapusitsa kwambiri. Ine ndikaona mandolini yodzaza ndi zigoba zonyezimira, gulugufe wamkulu pakati ndi maluwa kuzungulira, mtima suthamanga. Zambiri za mtundu umenewu zinkapangidwira alendo ndi msika wakunja, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mukaunika mumapeza guluu wotayikira, timitanda tosapala bwino ndi tizitsulo ta pakhosi toikidwa mopotoka. Mmisiri wabwino amadziwika ndi malo amene wogula sayang'ana. Mandolini yosakongoletsedwa koma yolumikizidwa mwaukhondo m'kati ndi yofunika kuifufuza kwambiri kuposa yonyezimira.

Amisiri otchuka ali ndi zizolowezi zawo. Luigi Embergher wa ku Rome, amene anamwalira mu 1943, ankapanga khosi lopyapyala losongoka kumbuyo ngati chilembo V, ndipo thabwa lopondapo zala limakhala lotukuka pang'ono, lotalikira mbali ya nsambo zopyapyala. Za ku Naples zimakhala za khosi lotakatirapo ndi thabwa lafulati. Raffaele Calace, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1863 mpaka 1934, anali woimba komanso wopanga, ndipo banja lake likupangabe mandolini ku Naples. Timapepala tawo kawirikawiri timakhala ndi chaka ndi siginecha. Za De Meglio wa ku Naples, zimene zinapita zambiri ku Britain, zili ndi timabowo ting'onoting'ono m'mbali mwa thupi, koma kapangidwe kameneka kanakopedwa ndi anthu ambiri, moti timabowo tokha si umboni.

Pa zosemedwa za ku America, yang'anani bowo. Gibson zoyambirira zinali ndi bowo limodzi lozungulira motalika. Mabowo awiri ngati a vayolini anabwera ndi mtundu wa Gibson wotchedwa F-5 mu 1922, nthawi imene Lloyd Loar ankagwira ntchito pakampaniyo, ndipo iye ankasayina kapepala kokhala ndi tsiku mpaka 1924. Bill Monroe, woimba wotchuka wa ku America, ankaimba F-5 ya 1923, ndipo chifukwa cha iye mtundu umenewu ndi umene wakopedwa kuposa wina uliwonse, makamaka ku Japan m'zaka za m'ma 1970, kenako ku Korea ndi ku China. Zosayinidwa ndi Loar zilipo mazana ochepa okha, ndipo zodziwika zinalembedwa kale m'kaundula ndi manambala ake. Mukapeza yokhala ndi dzina limeneli, yambani ndi kukayika.

Chachisanu ndi chimodzi: zitsulo

Gawo ili ndi lachidule koma limathetsa mikangano. Masikuluwu a mutu wa mtanda anayamba kufala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Akale amakhala a mzere umodzi. Mukapeza a mtanda pa chida chimene mukuchiganizira kuti ndi cha 1900, ndiye kuti mwina si chakale choncho, mwina zokungira zinasinthidwa. Timabowo totsala popanda sikuluwu, kapena mthunzi wa chitsulo china pa vanishi, zidzakuuzani kuti n'ziti.

Tsiku lodindidwa pa chitsulo pambali pa mawu akuti Pat. kapena Brevettato ndi tsiku la chilolezo cha kapangidwe ka chitsulocho. Limakuuzani kuti chitsulocho sichinapangidwe tsikulo lisanafike, basi. Kotchinga thabwa ka Gibson kolembedwa tsiku la mu 1909 kanapitiriza kuikidwa zaka zambiri pambuyo pake. Pa Gibson yang'ananinso kachivundikiro kakang'ono pamutu, kobisa chitsulo chowongolera khosi. Chitsulo chimenechi chinayamba kuikidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, choncho ya 1915 siyenera kukhala nacho pokhapokha wina atachiika pambuyo.

Chachisanu ndi chiwiri: manambala

Nambala ndi yothandiza pokhapokha mutadziwa kale wopanga. Anthu ambiri amayamba ndi nambala, kuilemba pa intaneti, n'kupeza chaka cha kampani ina. Pezani wopanga kaye, nambala pambuyo.

Gibson zakale zimakhala ndi manambala awiri: ina pa kapepala, ina yodindidwa ndi inki pa chipika cha khosi, yomwe ndi ya gulu la zida zopangidwa pamodzi m'fakitale. Ziwirizi zikhoza kusiyana ndi chaka kapena kuposa, chifukwa chida chinkatha kukhala m'fakitale chisanatumizidwe. Martin kwa zaka zambiri inali ndi mndandanda wa manambala a mandolini wosiyana ndi wa magitala, ndiye mukayang'ana pa mndandanda wolakwika mudzaphonya ndi zaka zambiri. Levin inkadinda nambala pansonga pa mutu. Pa za ku Italy ndi ku Germany zotchipa, nambala kawirikawiri ndi ya mtundu wa chida m'katalogi kapena yothandiza antchito kulumikiza zigawo, ndipo siitchula chaka.

Chomaliza: yerekezani, ndipo funsani

Tsopano ikani zonse pa pepala limodzi: banja, miyezo, mawu a pa kapepala, mtengo, zitsulo, manambala. Fufuzani zithunzi za mandolini zodziwika bwino za wopanga amene mukumuganizira, makamaka za m'makatalogi akale ndi za m'nyumba zosungira zinthu zakale, monga ya zida zoimbira ya ku Markneukirchen kapena National Music Museum ya ku Vermillion, South Dakota. Zithunzi za otsatsa malonda zitengeni mosamala, popeza wogulitsa mmodzi akalakwitsa, ena khumi amakopera cholakwacho. Poyerekeza musayang'ane kufanana kwa chida chonse. Yang'anani tinthu ting'onoting'ono: mmene nsonga ya mutu yathera, mmene khosi lalowera m'thupi, maonekedwe a kotchinga thabwa, malo a timadontho ta pakhosi. Zitatu kapena zinayi zikagwirizana ndi kapepala, mwayandikira. Chimodzi chikatsutsa, chitsatireni chimenecho mpaka mutadziwa chifukwa chake.

Ngati zizindikiro zikuloza kwa wopanga wotchuka, pitani nayo kwa mmisiri wokonza zida za nsambo amene anagwirapo zakale, ndipo ngati n'kotheka akhale munthu amene sakufuna kuigula. Wofuna kugula ndi woyesa mtengo asakhale munthu mmodzi. Mufunseni kuti akuonetseni chimene waona, osati kungotchula dzina. Mufunseninso za zinthu zimene chinapangidwira, chifukwa mandolini zakale zina zili ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja, mnyanga wa njovu kapena rosewood wa ku Brazil, ndipo pangano la CITES limaletsa kapena kuika malire pa kudutsa nazo m'malire a mayiko. Rosewood wa ku Brazil analowa m'gulu lotetezedwa kwambiri mu 1992. Zambiri zooneka ngati chigoba cha kamba ndi celluloid chabe, mtundu wakale wa pulasitiki, koma diso losazolowera silisiyanitsa, ndipo kuyesa ndi singano yamoto, monga ena amalangizira, n'koopsa chifukwa celluloid amayaka msanga.

Mandolini zambiri sizifika pa dzina la munthu. Yankho limathera pa mawu monga akuti ya ku Germany, ya m'fakitale, ya pakati pa 1900 ndi 1930, ndipo limenelo ndi yankho lokwanira kuti mudziwe nsambo zoyenera, zomwe pa za msana wozungulira ziyenera kukhala zopepuka kwambiri, ndiponso ngati kuikonzetsa kuli kwanzeru. Zimene mwapeza zilembeni pa pepala, zotsimikizika pazokha ndi zongoganizira pazokha, muikepo tsiku ndi dzina la amene anali nayo inu musanaitenge, ndipo pepalalo mulisunge m'bokosi la mandoliniyo, osalimata pa chidacho.